Funso lakuti “wabweretsa ndani?” silinathetsepo mliri

Matenda opatsirana akangolowa pamalo, kaya ndi m'nyumba, pasukulu kapena kuntchito, funso loyamba kutuluka m'kamwa mwa anthu ndi lakuti wabweretsa ndani. Timayamba kukumbutsana amene anayamba kutsokomola, amene wangofika kumene kuchokera kutali, amene sasamba m'manja. Dzina likangopezeka mitima imakhala pansi, ngati kuti matendawo tawagwira pakhosi. Funsoli ndalimva kambirimbiri, ndipo nanenso ndinalifunsapo. Lero ndikunena mosapsatira mawu kuti ndi funso loipa. Wodwala silimuchiritsa, wosadwala silimuteteza, ndipo nthawi zambiri limathandiza matendawo kuyenda mobisala.

Pali sayansi imene ntchito yake ndi kufufuza mmene matenda amafalira pakati pa anthu ambiri. Akatswiri amaitchula kuti epidemiology. Dokotala wa m'chipatala amayang'ana wodwala amene wagona patsogolo pake, pomwe katswiri wa sayansi iyi amayang'ana gulu lonse, odwala ndi osadwala omwe. Amafunsa kuti odwalawo ndi anthu otani, amakhala kuti, anayamba liti kudwala. Ndiye pali funso lina limene ine ndimaliona lalikulu kuposa onsewa: adwala angati mwa anthu angati? Mafunso amenewa sachita kufuna digiri. Munthu aliyense wodziwa kuwerenga akhoza kuwafunsa, ndipo ndimakhulupirira kuti tikanawazolowera tonse, maliro ambiri a nthawi ya miliri sakanachitika.

Kumapeto kwa August 1854 kolera inabuka m'dera la Soho mumzinda wa London. M'masiku khumi okha anthu oposa 500 anali atamwalira. Ophunzira ambiri a nthawi imeneyo ankati kolera imabwera ndi mpweya wonunkha wochokera m'zowola, ndipo anthu a ndalama ankaona kuti osauka akufa chifukwa cha uve wawo ndi uchidakwa. Dokotala wina, John Snow, anatenga mndandanda wa omwalira n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo, kufunsa ofedwa chinthu chimodzi: malemu ankamwa madzi otungidwa kuti? Mayankho ambiri ankaloza mjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street.

Chimene chimandigwira mtima pa ntchito ya Snow ndi chidwi chimene anali nacho pa anthu amene sanadwale. Mumsewu womwewo munali fakitale yofulula mowa, ya antchito pafupifupi 70, ndipo panalibe amene anafa ndi kolera. Ankamwa mowa umene ankapatsidwa pantchito, komanso fakitaleyo inali ndi chitsime chake. Chapafupi panali nyumba yosungirako anthu osauka 535, yozunguliridwa ndi makomo a maliro, koma m'menemo munafa anthu asanu okha. Nayonso inali ndi chitsime chake. Ndiye panali mayi wina wamasiye amene ankakhala kutali, ku Hampstead, kumene kunalibe kolera. Mayiyu ankakonda kukoma kwa madzi a pa mjigo wa Broad Street, moti ankawatumizira m'botolo lalikulu pangolo. Anamwa, n'kumwalira. Mwana wamkazi wa m'bale wake amene anabwera kudzamuona anamwa nawo madziwo, ndipo atabwerera kwawo ku Islington anakafera komweko. Fungo la ku Soho silikanafika ku Hampstead, koma madzi anafika.

Pa 8 September akuluakulu a deralo anachotsa chogwirira cha mjigowo. Snow mwiniwake anavomereza kuti pofika tsikulo mliri unali utayamba kale kuchepa, popeza anthu ambiri anali atathawa. Ndipo kumbukirani kuti iye sanakaonepo kachilombo ka kolera. Panapita zaka pafupifupi 30 kuti Robert Koch akazindikiritse kudziko lonse. Snow anadziwa njira imene matenda ankadzera asanadziwe chimene chinkadzeramo, ndipo zimenezo zinali zokwanira kuti achitepo kanthu.

Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina imene siitchulidwa kawirikawiri. Wansembe wina wachinyamata wa m'deralo, Henry Whitehead, poyamba sankakhulupirira za Snow. Anayamba kufufuza yekha kuti amutsutse, koma mapeto ake ndi iye amene anapeza poyambira mliriwo. Pa nyumba nambala 40 mumsewu wa Broad Street panali khanda limene linatsekula m'mimba mliri usanabuke. Mayi ake ankachapa matewera n'kutaya madziwo m'dzenje la zonyansa kutsogolo kwa nyumba, monga ankachitira aliyense. Dzenjelo linali pafupi kwambiri ndi chitsime cha mjigo, ndipo njerwa zake zinali zitaphwasuka. Khandalo linamwalira, ndipo bambo ake nawonso anatsatira patangopita masiku. Tsono ndifunse: mayi ameneyu analakwa chiyani? Anachapira mwana wake wodwala. Anthu a ku Soho akanamudziwa m'masiku a maliro aja, mwina akanamuponya miyala, koma dzenje likanakhala pomwepo ndipo chitsime chikanapitiriza kumwa zonyansa. Anapha anthu 616 ndi dzenje lokumbidwa pambali pa madzi akumwa.

Apa ndi pamene pagona phunziro loyamba la sayansi imeneyi. Kuti matenda afale pamafunika zinthu zitatu zikumane: kachilombo, munthu amene thupi lake lingakalandire, ndi malo kapena njira yowalumikiza. Kolera ndi tayifodi zimadzera m'madzi ndi chakudya zimene zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Chikuku ndi chifuwa chachikulu zimayenda mumpweya. Malungo amafuna udzudzu, monga anasonyezera Ronald Ross mu 1897. HIV imadzera m'magazi, pogonana, ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana. Pa zitatu zija, munthu wodwala ndi chimodzi chabe, ndipo nthawi zambiri njira ndi imene imakhala yosavuta kutseka.

Akatswiri ali ndi nambala imene amayezera liwiro la mliri, ndipo amailemba ndi chilembo R. Tanthauzo lake ndi ili: wodwala mmodzi amapatsira anthu angati, tikatengera pa odwala onse? Ngati aliyense apatsira awiri, mmodzi amakhala awiri, awiri anayi, anayi asanu ndi atatu, ndipo pakupatsirana kwakhumi odwala atsopano amakhala 1,024. Ngati aliyense apatsira atatu, pakupatsirana kwakhumi komweko amakhala 59,049. Kusiyana kwa awiri ndi atatu kumaoneka kochepa pakamwa, koma m'chipatala ndi kusiyana kwa mabedi okwanira ndi odwala ogona pansi. N'chifukwa chake masabata oyamba a mliri amanyenga. Odwala akakhala khumi, aliyense amati n'zazing'ono, osadziwa kuti khumiwo ndi mbewu. Pa nkhani ya miliri zengerezu amalindadi kwawukwawu.

Nambala yomweyi ili ndi uthenga wolimbitsa mtima. Ikatsika pansi pa 1, mliri umayamba kufa wokha. Odwala 100 akapatsira 90, amenewo apatsira 81, n'kumatsika chomwecho. Sitichita kufunikira kutseka kupatsirana kulikonse. Tikungofunika kutseka kokwanira. Ndipo nambalayi si ya kachilombo kokha. Imadalira kuti wodwala amakumana ndi anthu angati, pa kukumana kulikonse mpata wopatsirana ndi waukulu bwanji, ndiponso amakhala masiku angati akutha kupatsira ena. Chilichonse mwa zimenezi tingachisinthe. Kutsegula mawindo, kuthira mankhwala m'madzi, kugona m'masikito, kuyamba msanga mankhwala a TB, zonsezi ndi njira zokokera nambala ija pansi. Palibe ngakhale imodzi imene imafuna kuti tidziwe dzina la amene anayamba kudwala.

Taonani zimene zinachitika pa 10 March 2020 ku Skagit County m'dziko la America. Anthu 61 a kwaya ina anasonkhana kuphunzira nyimbo kwa maola awiri ndi theka. Mmodzi anali ndi zizindikiro zonga za chimfine. M'masiku otsatira anthu ena 52 anadwala COVID-19 kapena kuonetsa zizindikiro zake, ndipo awiri anamwalira. Ena angathamangire kunena kuti munthu mmodzi uja ndiye wolakwa. Koma munthu yemweyo, ndi kachilombo komweko, akanakhala panja kucheza ndi mnzake kwa mphindi zisanu, mwina sakanapatsira aliyense. Chinachulukitsa odwala ndi chipinda chotsekedwa, mipando yoyandikana, nthawi yaitali ndi kuimba mokweza. Ofufuza atamvetsa zimenezi, malangizo okhudza mpweya wa m'zipinda anayamba kulimba, ndipo amenewo ndi amene anateteza anthu ena.

Pali chinanso chimene chimachititsa kuti kusaka wolakwa kukhale kutaya nthawi: matenda ambiri amayenda mwa anthu ooneka athanzi. Kachilombo kakalowa m'thupi pamapita nthawi zizindikiro zisanaoneke. Pa kolera akhoza kukhala maola ochepa mpaka masiku asanu, pa Ebola masiku awiri mpaka 21, pa HIV zaka. Mwana wa chikuku amayamba kupatsira anzake kutatsala masiku anayi kuti zidzolo zituluke, ndipo kachilomboko kamatha kutsala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri iye atachoka. Poliyo ndiye amabisala koposa. Mwa anthu pafupifupi 200 amene atenga kachilomboko, mmodzi yekha ndi amene amapuwala, ndipo ambiri mwa otsalawo samva chilichonse ngakhale akukafalitsa. Choncho amene tamuona akudwala poyamba kawirikawiri si amene anayamba. Ndi amene thupi lake laonetsa poyera zimene zinali kale pakati pathu.

Mary Mallon anali wophika wochokera ku Ireland amene ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera ku New York. Anali ndi kachilombo ka tayifodi m'thupi koma iye sankadwala, ndipo sankamvetsa chifukwa chake akumunena kuti akudwalitsa anthu. Mu 1907 anamugwira n'kumutsekera pachilumba cha North Brother. Anamumasula mu 1910 atalonjeza kuti sadzaphikanso, koma ntchito yochapa imene anapeza inali ya malipiro ochepa, ndipo anabwerera kukhitchini pogwiritsa ntchito dzina lina. Mu 1915 anamugwiranso, ndipo anakhala pachilumbapo mpaka imfa yake mu 1938. Sindikunena kuti analibe mbali yake. Kubwerera kukaphika, ndiponso m'chipatala cha amayi oyembekezera, kunaphetsa anthu. Koma pofika nthawi imene ankamwalira, mumzindawo munali mutapezeka anthu ena mazanamazana onyamula kachilombo komweko osadwala, ndipo sanatsekeredwe moyo wawo wonse monga iye. Tayifodi inachepa m'mizinda ya ku America chifukwa cha kusefa madzi, kuthiramo klorini ndi kukonza ngalande za zonyansa. Kumutsekera Mary kunapatsa nyuzipepala nkhope yoti anthu aziida.

Zofananazo zinamuchitikira Gaëtan Dugas, wa ku Canada, amene ankagwira ntchito m'ndege. Kwa zaka zambiri dziko linkamutchula kuti ndiye anabweretsa Edzi ku America. Chiyambi cha bodzali n'chomvetsa chisoni. Pa kafukufuku wina ofufuza anamulemba ndi chilembo O, kutanthauza kuti anali wochokera kunja kwa California, ndipo ena anawerenga chilembocho ngati ziro, n'kuyamba kumutcha wodwala woyambirira. Mu 2016 asayansi ataunika magazi akale amene anasungidwa, anapeza kuti HIV inali itafika kale ku New York cha m'ma 1970, ndipo kachilombo ka m'magazi a Dugas sikanali kholo la ena onse. Iye anali atamwalira kale mu 1984. Abale ake anasenza manyaziwo zaka pafupifupi 30.

Wina anganene kuti zimenezi n'zachisoni ndithu, koma ndi nkhani ya chifundo, osati ya umoyo. Ine ndikuti ndi ya umoyo kwenikweni. Ntchito yonse yolimbana ndi mliri imatsamira pa anthu kunena zoona: ndikumva kutentha thupi, mwana wanga watuluka zidzolo, dzulo ndinali ndi uje ndi uje. Anthu akaona kuti wonena zoona akunyozedwa, kuchotsedwa ntchito kapena kusalidwa, amatseka pakamwa. Wodwala amabisidwa kuchipinda, ndipo azaumoyo amawerenga odwala khumi pomwe alipo zana. Mliri umene sukuwerengedwa sungatsekedwe.

Mayiko nawonso amachita chimodzimodzi. Chimfine choopsa cha mu 1918, chimene chinapha anthu mamiliyoni makumimakumi, mpaka lero chimatchedwa cha ku Spain. Sikuti chinayambira kumeneko. Spain sinali nawo pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, choncho nyuzipepala zake zinkalemba momasuka za matendawo pamene mayiko omenyana ankabisa. Amene ananena zoona ndi amene anasenza dzina. Mu November 2021 asayansi a ku South Africa ndi Botswana anazindikira mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, umene unatchedwa Omicron, ndipo anauza dziko lonse mwachangu. Malipiro awo anali kutsekeredwa maulendo a ndege ndi Britain, America ndi mayiko a ku Ulaya. Patangopita masiku ochepa zinadziwika kuti Omicron inali kale ku Netherlands chilengezocho chisanaperekedwe. Ziletsozo sizinaimitse kanthu, ndipo m'masabata ochepa Omicron inali ponseponse. Chimene zinasiya ndi phunziro loopsa kwa nduna ya zaumoyo iliyonse padziko: ukapeza chachilendo, ganiza kawiri usananene. Zimenezi zimandiwawa mpaka lero, chifukwa mliri wotsatira udzadalira kuti wina, kwinakwake, alankhule msanga.

Tsopano ndiyenera kuyankha amene akunditsutsa, chifukwa ali ndi mfundo. Kodi ndikunena kuti tisamafufuze kumene matenda achokera? Ayi ndithu. Whitehead anafufuza mpaka anafika pa nyumba nambala 40. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankafuna gwero kuti litsekedwe, osati munthu woti alangidwe. Azaumoyo akamafunsa wodwala kuti anakumana ndi ndani, cholinga chimakhala kupeza amene angadwale mawa, kuti athandizidwe asanapatsire ena. Mafunso awiriwa amafanana pakamwa, koma limodzi limayang'ana kutsogolo, lina kumbuyo.

Kodi ndikunena kuti pa mliri sipakhala wolakwa? Nazonso ayi. Mu October 2010, miyezi ingapo chivomerezi chitagwedeza Haiti, kolera inabuka m'dziko limene linali lisanaionepo kwa zaka zoposa zana. Inapha anthu pafupifupi 10,000. Kafukufuku anasonyeza kuti inachokera pa msasa wa asilikali osungitsa mtendere a United Nations ochokera ku Nepal, kumene zonyansa zinkatayikira mu kamtsinje kothira mumtsinje wa Artibonite. Bungweli linakana kwa zaka, ndipo ndi mu December 2016 pamene mlembi wake wamkulu, Ban Ki-moon, anapepesa kwa anthu a ku Haiti. Apa wolakwa alipo. Koma taonani kumene mlandu wagwera. Sunagwere msilikali amene anali ndi kachilombo m'mimba osadziwa. Wagwera bungwe limene linali ndi ndalama, akatswiri ndi udindo wosamala zimbudzi za msasa wake, koma silinatero. Chala chathu chimafulumira kuloza wodwala, amene ndi wofooka ndipo ali pafupi, n'kuchedwa kuloza amene anali ndi mphamvu yotseka njira. Ndivomerezanso kuti nthawi zina kuika munthu m'mbindikiro n'kofunika, ngakhale iye asakufuna. Koma mbindikiro umene umagwira ntchito ndi umene wodwala amalandiramo chakudya, chithandizo ndi ulemu, kotero kuti wotsatira asaope kudzionetsa.

Ndibwerere ku funso lija ndinalitcha lalikulu: angati mwa angati? Munthu akamva kuti pasukulu ina ana 36 adwala chikuku, ndipo 27 mwa iwo anabayidwa katemera, amafulumira kunena kuti katemerayo ndi wachabe. Tiyeni tiyerekeze kuti pasukulupo pali ana 1,000, ndipo 990 anabayidwa kawiri, khumi sanabayidwe. Katemera wa chikuku wobayidwa kawiri amateteza ana pafupifupi 97 pa 100 aliwonse, choncho mwa 990 aja pamatsala ana ngati 30 amene sanatetezeke. Chikuku chimagwira pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi alionse opanda chitetezo amene ayandikana ndi wodwala. Ndiye kuti mwa obayidwa mudwala 27, mwa osabayidwa mudwala 9. Inde, obayidwa achuluka pa mndandanda wa odwala. Koma ndi 27 mwa 990, pomwe enawo ndi 9 mwa 10. Nambala ya pamwamba yokha imanama ngakhale ili yoona. Chimodzimodzinso dziko likayamba kupereka ma ARV mokwanira, chiwerengero cha anthu amene ali ndi HIV chikhoza kukwera, osati chifukwa ambiri akutenga kachilomboko, koma chifukwa amene akanamwalira ali moyo. Kuwerenga odwala atsopano ndi kuwerenga onse amene ali ndi matendawo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo amene sasiyanitsa akhoza kulira pa nkhani yosangalatsa.

Katemera ndi umboni woonekeratu wakuti thanzi la munthu silithera pakhungu lake. Anthu ambiri akakhala ndi chitetezo, kachilombo kamasowa podumphira, ndipo ngakhale khanda limene silinafike msinkhu wobayidwa, kapena wodwala khansa amene thupi lake lafooka, amatetezeka chifukwa cha anzawo. Kuchuluka kwa ofunika kutetezedwa kumadalira nambala ija. Ngati wodwala amapatsira awiri, theka la anthu likwanira. Koma wa chikuku, pakati pa anthu opanda chitetezo, amapatsira 12 mpaka 18, n'chifukwa chake pamafunika anthu 95 pa 100 aliwonse. Ku Samoa, mu July 2018, makanda awiri anamwalira atangobayidwa, chifukwa anamwino anasakaniza katemera ndi mankhwala ena molakwitsa. Makolo anachita mantha, ndipo ndani angawadzudzule? Boma linaimitsa katemerayo kwa miyezi, ndipo chiwerengero cha makanda obayidwa chinatsika kufika pafupifupi 31 pa 100. Chikuku chitalowa mu 2019, m'dziko la anthu pafupifupi 200,000 munadwala oposa 5,700 ndipo 83 anamwalira, ambiri mwa iwo ana osakwana zaka zisanu. Wapaulendo amene anafika nacho chikukucho sanali chifukwa cha maliro amenewo. Apaulendo odwala chikuku amatsika ndege m'mayiko ambiri chaka chilichonse, ndipo kumene anthu ali otetezedwa nkhani imathera pa iwo okha.

Nanga kumene zinayenda bwino anachita chiyani? Pa 20 July 2014 munthu wodwala Ebola anatsika ndege ku Lagos, mzinda wa anthu mamiliyoni ambiri, pa nthawi imene matendawa ankapulula anthu ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, kumene anadwala oposa 28,000 ndi kufa oposa 11,000. Dokotala Ameyo Stella Adadevoh anakayikira Ebola ndipo anakana kumutulutsa m'chipatala ngakhale ankakakamizidwa. Iye mwini anatenga matendawo n'kumwalira. Azaumoyo analemba anthu pafupifupi 900 amene anakhudzana ndi odwala, ndipo ankawayendera kunyumba tsiku ndi tsiku kwa masiku 21, kuwayeza kutentha kwa thupi. Ntchito yotopetsa, ya wapansi, yodalira kuti munthu akutsegulire chitseko. Mu Nigeria monse munadwala anthu 20, munafa 8, ndipo pa 20 October chaka chomwecho bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza kuti Ebola yatha m'dzikomo.

Nthomba, matenda okhawo a anthu amene athetsedwa padziko lonse, inagonja mwa njira yomweyi. Kumapeto kwa 1966 kum'mawa kwa Nigeria, dokotala William Foege anapezeka ali ndi katemera wochepa woti sakanakwanira aliyense. Anaganiza zoyamba wapeza kumene kuli odwala, n'kubaya onse owazungulira, ngati mmene amalambulira mphepete mwa moto kuti usowe choyaka. Njirayi inagwira ntchito kuposa mmene ankayembekezera, ndipo inafalikira ku India ndi kwina. Koma inkadalira chinthu chimodzi: kuti wodwala aliyense adziwike. Choncho m'malo moopseza, oyendetsa ntchitoyi anayamba kupereka mphoto ya ndalama kwa aliyense wonena kumene kuli wodwala nthomba.

Womaliza kudwala nthomba yotengera kwa anthu m'mudzi anali Ali Maow Maalin, mnyamata wa zaka 23 amene ankaphika pachipatala cha ku Merca m'dziko la Somalia. Mu October 1977 anakwera galimoto kwa mphindi zochepa chabe kuti alozere dalaivala njira, ndipo m'galimotomo munali ana awiri odwala nthomba. Iye anali asanabayidwe. Pambuyo pake anaulula yekha kuti ankaopa kuwawa kwa jekeseni. Atayamba kutentha thupi anamupatsa mankhwala a malungo, zidzolo zitatuluka anati ndi katsabola, ndipo iye atazindikira chimene chinali, anakhala chete poopa kutsekeredwa. Mnzake wa kuntchito ndi amene anakanena. Wosabayidwa, wobisa matenda, woyendayenda pakati pa anthu: ndi munthu amene tikanamupachika mosavuta. Azaumoyo anamuika m'mbindikiro n'kumusamalira, anatsata anthu 161 amene anakumana naye, ndipo m'masabata awiri anabaya anthu oposa 50,000 m'deralo. Palibe wina amene anadwala. Pa 8 May 1980 msonkhano waukulu wa WHO unalengeza kuti nthomba yatha padziko lapansi.

Maalin anachira. Zaka zotsatira anadzipereka pa ntchito yothetsa poliyo m'dziko lake, akuyenda khomo ndi khomo kukambirana ndi makolo amene ankakana kuti ana awo alandire katemera, ndipo ankawafotokozera za mantha ake a jekeseni ndi zimene anamutengera. Poliyo atabwereranso ku Somalia mu 2013, iye anabwerera pantchitoyo. Anadwala malungo ali mkati mwa kampeni ya katemera, ndipo anamwalira mu July chaka chomwecho ku Merca komweko.